Mbale Yofiira ya a Pensulo

Mukafunsa aliyense amene anakhalapo pa komboni ya mgodi wa golide kuja ku Bindura m'zaka za m'ma 1950, adzakuuzani kuti a Pensulo anali ndi mbale ya galamafoni yopha anthu. Adzatsitsa mawu n'kucheuka kaye, ngakhale mwini wakeyo anagona kale. Mbaleyo, amatero, inali yakuda ngati zinzake zonse, koma pakati pake panali pepala lofiira, ndipo inkagona yokha m'nsalu ya pilo kunsi kwa bedi. Akakuikira imeneyo, basi, yamba kutsanzika. Yakobo anaimva, sanathe miyezi itatu. Jimu anaimva, anakafera m'sitima asanawoloke Zambezi. Enoki anaimva, Enoki yemwe uja ankanyamula thumba la ufa ndi dzanja limodzi, koma tsiku lomuika bokosi lake linanyamulidwa ndi anthu awiri okha, nawonso akudandaula kuti mwina mulibe kanthu.

Bodza limenelo. Kufa anafadi atatuwo, ndipo mbaleyo anaimvadi, koma nkhaniyi anthu anaigwira chakumchira. Woidziwa bwino ndi Bauleni, chifukwa iyeyo anaimva ndi makutu ake, ndipo mpaka lero akutafuna chimanga.

Tiyambe ndi khutu, pakuti a Pensulo anali khutu lokhala ndi miyendo. Kamunthu kowonda, kakafupi, makutu ngati zivindikiro za poto. Ntchito yawo pansi pa mgodi inali yogogoda denga. Azungu akaphulitsa mwala, utsi n'kutha, woyamba kulowa anali iwo, atanyamula chitsulo chachitali chimene kumeneko amati mugwara. Ankagogoda mwala wa pamwamba n'kupendeketsa mutu. Mwala ukati ngwee, ndiye kuti ngolimba, lowani. Ukati phu phu ngati dzungu lowola, a Pensulo ankangoti "Basopo!" ndipo amuna makumi atatu ankabwerera chambuyo osafunsa chifukwa. Mzungu woyang'anira pansipo sankamvera munthu wakuda aliyense, koma khutu la a Pensulo ankaliopa.

Vuto linali loti khutu lomwelo ankatuluka nalo kunja.

Galamafoni anaigula kwa mmwenye wa m'tauni nkhondo yachiwiri ija isanayambe. Mbale anali nazo zodzaza bokosi la sopo: za ku Joni, za ku Kongo, za magitala a ku Bulawayo, za makwaya a ku mishoni. Mwa zonsezo zimene ankati ndi nyimbo zinalipo zinayi. Zotsalazo ankazisunga kuti azizitukwana. Lamulungu masana ankatulutsa galamafoni pakhonde, kuipukusa, kuika mbale, anthu n'kusonkhana. Mapewa akangoyamba kugwedezeka, iwo ankanyamula singano pakati pa nyimbo.

"Mwamumva wa lipengayo? Wathamanga. Akuthamangira kuti? Wasiya mphika pamoto?"

"Madala, tabwezerani, timavina ife!"

"Kavineni kwa Staford."

Staford anali telala wa pa komboni, mwini galamafoni yachiwiri, ndipo ndiye anali munga m'khutu la a Pensulo. Iye ankakonda mbale za azungu a ku Amerika oweta ng'ombe, aja amati akaimba mawu awiri n'kuyamba kukuwa "odeleyi-ii" ngati aponda khala lamoto. Lamulungu lililonse kwa Staford kunkakhala phwando la tiyi ndi mabanzi, anthu akuvina mpaka fumbi kobo. A Pensulo akamapita kumpopi ankazungulira kuseri kwa zimbudzi, njira yotalika kawiri, kuopa kudutsa pamenepo. Tsiku lina buluku lawo linang'ambika kumbuyo. Anayenda nalo chomwecho chaka chonse, akuti bola mphepo ilowe kusiyana n'kukhala pa benchi ya Staford mbale ikulira.

Mmwenye wa sitolo naye akawaona akubwera ankabisa mbale zatsopano kunsi kwa kauntala. Chizolowezi chawo chinali kumvera zonse, osagulapo n'imodzi yomwe, kenako n'kuima pakhomo kulongosolera makasitomala chifukwa choti asagule.

Zonsezi anthu ankaseka. Chimene sankaseka ndi kuitana kuja. Ankabwera mwakachetechete, mwina uli pamzera wolandira ufa ndi nyemba, n'kuima pambali pako, mutu atapendeketsa monga amachitira ndi denga. Kenako ankati, "Lamulungu ubwere kwanga. Ubwere wekha." Tsikulo galamafoni siinkatuluka pakhonde. Chitseko chinkatsekedwa, akazi awo a Rozina ankatumidwa kutali, ndipo woitanidwayo akatuluka sankanena kanthu kwa munthu. Ankangoyenda, maso pansi. Kuseri kwa mulu wa dothi la mgodi kunali manda, ndipo mitanda ya malata inkawonjezeka.

Bauleni anali woboola mwala ndi makina, chimunthu chachikulu, mawu ngati ng'oma, wovina woyamba kwa Staford. Kunyoza a Pensulo ndiye inali ndiwo yake. Akakumana nawo ankagwira pakhosi n'kuti "odeleyi-ii", madala n'kulavula. Lamulungu lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, chigayo cha miyala chikugunda du du du monga chinkachitira masiku onse, Bauleni anavina mbale zitatu zotsatizana. Anatuluka kukapuma kuseri kwa nyumba, akuseka, kenako anatsokomola. Kamodzi kokha, kachifuwa kouma. Atadzutsa mutu anaona a Pensulo ataima pa njira ya kuzimbudzi ija, ndowa ili m'manja, mutu uli pendeke.

M'mawa mwake, m'chikepe chotsikira pansi, anthu atapanikizana ngati nsomba m'chitini, mawu anachokera chakukhwapa kwake.

"Bauleni."

"Madala."

"Lamulungu ubwere kwanga. Ubwere wekha."

Chikepe chija chinali choti munthu sungakande ndi mphuno yomwe. Koma pofika pansi Bauleni anali ataima yekha pakati, malo okwana kuyalapo mphasa.

Madzulo anafotokozera mkazi wake Estele, mwana wa ku Masembura, bambo ake Mnyasa, mayi ake Mshona. Estele anagwetsa chipande.

"Maiwe! Munawalakwira chiyani, bambo a Fainess?"

"Palibe. Kumangocheza."

"Kucheza kwake kwa odeleyi kuja? Ndinakuuzani ine kuti pakamwa panupo padzatisiya pamtunda!"

Lachiwiri Bauleni anagula tambala wonenepa n'kupita naye kwa a Pensulo. Anagwada pakhonde, chimunthu chonse chija, n'kuomba m'manja.

"Madala, ndaganiza mofatsa. Nyimbo za Staford n'zonyansa. Ndakhala ndikuvina ndi miyendo yokha, mtima ukukana."

"Wazindikira mochedwa, komabe wazindikira. Tambalayo uwapatse amayi ako a Rozina."

"Ndiye za Lamulungu zija tingoti zatha?"

"Ubwere ikangotha tchalitchi. Usasute fodya m'mawa mwake."

Lachitatu Estele anakwera basi kupita ku Masembura kwa sing'anga wina, n'kubwerako ndi kachikwama kachikopa kovala m'chiuno. Sing'angayo anati mankhwalawo amabweza mphezi, njoka ndi mfiti zouluka, koma za galamafoni sanayesepo. Lachinayi Bauleni anapita kwa a Gideoni, mkulu wa mpingo, amene anapemphera mokweza mpaka agalu kuuwa. Bauleni atawapempha kuti adzamuperekeze, a Gideoni anakumbukira mwadzidzidzi kuti Lamulungu limenelo akukalalikira ku mafamu a ku Matepatepa. Estele anayesanso kwa a Rozina, kuwapempha mwachizimayi kuti mbaleyo aikhalire mwangozi.

"Mwanawe," anatero a Rozina, "ndakhala ndi bambowa zaka makumi awiri. Ndiwo ndingapsereze, malaya ndingawotche ndi simbi, sanena kanthu. Koma nsalu ya pilo ijayo ndikamasesa ndimaizungulira. Kuimva sindinaimvepo, ndipo sindikufuna."

Pofika Lachisanu komboni yonse inali itamuika kale Bauleni. Amuna ankamupatsa moni ndi manja awiri. Azimayi pampopi ankasiya nkhani Estele akamafika. Wina anabwera kudzafunsa ngati njinga ya Bauleni ili ndi wolowa kale, wina anayeza phazi lake pa majombo a Bauleni ali pakhomo kuwuma. Staford, amene anali ndi chisoni chenicheni poti amataya wovina wake wamkulu, anamuitanira m'kati n'kumuyeza mapewa ndi tepi.

"Ukundiyezeranji?"

"Jekete, achimwene. Munthu ayenera kuoneka bwino nthawi zonse." Kenako ananong'ona: "Tamverani. Chopha ndi mawu, eti? Ndiye musawamve. Sungunulani kandulo, phulalo mutseke nalo m'makutu. Akamaliza muziti zikomo, n'kutuluka."

Bauleni anaganizapo zongokhala osapita. Koma kenako anakumbukira kuti tsiku lililonse amalowa pansi pa denga limene madala omwewo agogoda. Munthu woteroyo sungamukanire ulendo wa kunyumba kwake.

Lamulungu linafika lopanda mphepo. Fumbi loyera la kuchigayo linali litakhala pa madenga onse ngati ufa. Kwa Staford kunali zii, phwando atalilepheretsa. Bauleni anatuluka m'tchalitchi, anapsompsona Fainess pamutu, n'kuyamba kuyenda pakati pa mizera ya nyumba, makatani akugwedezeka uku ndi uku. M'chiuno munali kachikwama ka sing'anga, m'thumba buku la nyimbo, m'makutu phula. Mapazi ake omwe sankawamva.

A Pensulo anatseka chitseko. Anayankhula kenakake. Bauleni anamwetulira n'kugwedeza mutu. Anayankhulanso. Bauleni anagwedezanso mutu n'kuti, mokuwa ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje, "Bwinobwino, kaya inu!"

Madala anamusuzumira m'khutu. Anatenga kachitsotso ka machesi, anamukoka khutu ngati mwana wa sukulu, n'kutokosola phula lija, uku kenako uku.

"Nzeru za telala izi," anatero. "Ndimati vula jekete. Malayanso. Khala pampandopa, msana undilozetse ine."

Bauleni anakhala. Anamva bedi likukwekwesedwa, nsalu ikufunyululidwa. Anamva kabokosi ka singano kakutsegulidwa, pakuti mbale imeneyi sinkagundidwa ndi singano yogwirapo kale ntchito. Anamva chopukusira chikuzungulira, kwee, kwee, kwee. Anayamba pemphero la Ambuye, koma pa "mutipatse ife lero" mawu anamuthawa.

"Usayankhule. Usatsokomole dala, usadziletsenso. Uzingopuma."

Singano inatera. Kunamveka fuu, ngati mvula ikubwera patali.

Bauleni ankayembekeza ng'oma za kumanda, kapena mawu a Yakobo akumuitana. Chimene chinatuluka ndi gitala mmodzi, woyenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba ikukwera chitunda. Kenako mayi wina anayamba kuimba m'chinenero chosadziwika, osati Chizungu, osati Chishona, osati cha ku Kongo. Panalibe ng'oma, panalibe lipenga, panalibe poponda phazi. Mayiyo ankangodandaula, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono. Bauleni, ngakhale anali pakamwa pa imfa, anayamba kutopa nayo.

Pakati pa nyimbo gitala analeka. Mayi uja analekanso. Munamveka akukoka mpweya, mpweya wautali woyera, wolowa mpaka pansi. M'kachetechete kameneko Bauleni anamva kanthu kena: kamluzu kakang'ono, kotsatana ndi kuthetheka ngati udzu wouma ukupsa kutali. Anaganiza kuti mbale yakalamba. Kenako anamva chinthu chozizira chitamatirira pamsana pake. Linali khutu la a Pensulo. Anagwira mpweya, kamluzu kanaleka. Anapuma, kanayambanso.

Gitala anabwerera, mayi anamaliza madandaulo ake, singano inayamba kukwekwesa pakati. A Pensulo anainyamula, anapukuta mbale ndi kansalu, n'kukhala pabedi.

"Yamveka bwanji?"

Bauleni anaganiza kuti poti wafa kale, kunama kulibenso phindu.

"Njoipa, madala."

"Wati chiyani?"

"Njoipa. Sivinika. Mayiyo akhala ngati wataya mbuzi."

A Pensulo anadzambatuka, makutu akunjenjemera. "Mbuzi! Wamva m'mene walowera pambuyo pa gitala? Sanathamange, sanachedwe! Wamva m'mene wapumira? Anthu onse a m'bokosi la sopo umo palibe amadziwa kupuma, amangokuwa ngati akugulitsa matemba! Mbale ngati iyi dziko lonse lino ilipo imodzi, ndipo ikamalira imadyeka, tsiku lina idzatha, ndiye ndaidyetsa singano yatsopano chifukwa cha chitsiru chovina nyimbo za abusa a ng'ombe!"

Anapuma wefuwefu, anakhalanso pansi. Atayambanso kuyankhula, mawu anali ena, aja a pansi pa mgodi.

"Kamluzu kaja wakamva?"

"Ndakamva."

"Si mbale."

"Ndadziwa."

"Fumbi la mwala limenelo. Lakhala m'chifuwa, kumanzere, m'munsi. Denga likamalira choncho ndimatulutsa anthu. Lako langoyamba kumene, silinafike pa dzungu lowola. Ukatuluka lero, ungaone Fainess akukwatiwa. Ukati umalize chaka, ndidzakuperekeza kuseri kwa mulu uko."

Kunja chigayo chinkagundabe. Bauleni anayang'ana manja ake, manja oti makina oboolera ankawamvera ngati mwana.

"Nanga a Yakobo aja?"

"Yakobo anati amalize chaka. Jimu anati ayambe wagula makina osokera opita nawo kumudzi. Enoki anandiseka, nati iye chifuwa chake n'chachitsulo. Onse anamva chimodzimodzi ngati iwe. Kumva ndi kutuluka n'zosiyana."

"Bwanji osangowauza anthu? Akukutchulani mfiti komboni yonse!"

"Ndiuze anthu kuti mawa dokotala wa mgodi amve? Akamva, Lachiwiri uli pa sitima ndi bulangeti limodzi, mkazi ndi ana atulutsidwa m'nyumba dzuwa lisanalowe. Chifuwa n'chako, wonena ndiwe, wosankha tsiku ndiwe. Ine ndimangogogoda."

"Nanga mbaleyi ikulowapo pati? Simungangomvera popanda mayi wa mbuziyu?"

"Ukanenanso mbuzi ndikuswa ndi mugwara. Munthu wamantha sapuma bwino, amabisa mpweya. Koma mayiyu akakoka mpweya pakati paja, aliyense amakoka naye osadziwa, mpaka pansi. Pamenepo m'pamene ndimamva zonse." Anapinda nsalu ya pilo mosamala, ngodya ndi ngodya. "Komanso munthu woti amve mawu oipa chotere, ayambe wamvako kanthu kabwino. Kungoti pa iwe ndataya."

Bauleni anatuluka monga ankatulukira anzake aja, maso pansi. Makatani anagwedezeka. Mayi wina anayamba kulira pasadakhale.

Lolemba m'mawa belu la mgodi linalira, amuna anandanda pa chikepe. Bauleni anafika atavala majombo, nyali ili m'manja. Anzake analowa, n'kumusiyira malo ake aja okwana mphasa. Anaima pakhomo. Kuchokera m'dzenje munkatuluka mpweya wofunda wonunkha mwala wopsa, fungo limene analipuma zaka khumi ndi zinayi. Anaganiza za nyumba ya pa komboni, za ufa wa Loweruka, za kukakhala mkamwini wopemphetsa munda kwa eni dziko, iye munthu woopedwa pa makina. Chakukhwapa kwa munthu wina m'chikepemo, maso awiri ang'onoang'ono ankamuyang'ana.

"Ngena, wena!" anakuwa kapitawo, kumuuza kuti alowe.

Bauleni anaika nyali pansi. Anavula majombo, n'kuwapereka kwa munthu uja anadzayeza phazi Lachisanu.

"Tenga. Unawafuna."

Munthuyo anakana kuwagwira. Majombowo anakhala pamenepo masiku atatu, anthu akuwalambalala.

Anasamukira ku Masembura, kumene amalume a Estele anawapatsa kamunda ka miyala m'mbali mwa phiri. Komboni inakhala tcheru kudikira uthenga. Unatha mwezi, inatha itatu. Staford anamaliza jekete lija n'kulipachika pa msomali. Chaka chitatha, Loweruka lina, anthu anaona munthu akutsika pa njinga pafupi ndi mpopi, dengu la tomato lili kumbuyo. Azimayi anamwazika, ndowa kusiya zikusefukira. Tsiku limenelo Bauleni sanagulitse tomato ndi mmodzi yemwe, poti palibe ankafuna kudya za mzukwa. Atazolowera kumuona, mphekesera ija sinafe, inangosintha malaya. Anati mbaleyo pa anthu onenepa imagwira mochedwa. Chaka chachitatu anati sing'anga wa ku Masembura uja ngoopsa, ndipo bamboyo anamanga nyumba ya malata ndi ndalama za makasitomala a pa komboni. Bauleni sanatsutse. Chinsinsi sichinali chake yekha. Pambuyo pake anaitanidwanso ena, ndipo awiri mwa iwo anachoka pa mgodi mwakachetechete, wina ku Matepatepa, wina kwawo ku Ntcheu.

Bauleni akabwera ndi tomato ankasiyako wabwino pakhonde la a Pensulo. Madala ankamuuza kuti atembenuke, ankaika khutu pamsana, n'kuti, "Likadali pomwe lija. Ukuvinabe zonyansa?"

"Kwambiri, madala."

"Chitsiru."

M'chaka cha 1957, nthawi yokolola, a Rozina anatumiza mawu ku Masembura. Bauleni anapalasa njinga n'kufika Lamulungu masana. Anapeza a Pensulo ali chogona, atatsamira mapilo, makutu okha ndiwo anatsala saizi yawo yakale. Sipanafunike mbale kuti munthu amve. Chifuwacho chinkamveka uli pakhomo.

"Madala, inu omva za anzanu, zanu simunazimve?"

"Ndinazimva iwe usanabwere n'komwe kuno."

"Nanga osatuluka bwanji?"

"Denga n'kusiyira ndani? Achinyamata a masiku anowa amagogoda ngati akupempha madzi akumwa." Anatsokomola nthawi yaitali. "Tatulutsa nsalu ija. Singano yatsopano ili m'kabokosi, yatsala imodzi. Rozina, khala pansi. Lero sukupita kulikonse."

Bauleni anapukusa. Mbale inali itadyeka kotero kuti mvula ija inkaposa gitala, mayi uja akumveka ngati ali kuseri kwa phiri. Koma pofika pakati, gitala ataleka, mpweya uja unamvekabe, wautali, woyera. A Rozina anaukoka nawo. Bauleni anaukoka nawo. A Pensulo anayesa, unathera panjira, koma chala chawo chinali m'mwamba, kuti aliyense amve.

Anamwalira Lachinayi lake. Ku maliro kunabwera komboni yonse, ena kudzalira, ena kudzatsimikiza. Staford anawasokera suti yogonera, buluku lake lolimba kumbuyo, ndipo mwezi wathunthu galamafoni yake sinalire. Ataiyambanso, ankaliza motsitsa, n'kumayang'ana ku njira ya kuzimbudzi ija ngati wina atulukira ndi ndowa. Mmwenye anayamba kuyala mbale zatsopano poyera, anthu n'kumagula chilichonse, chothamanga ndi chochedwa chomwe, popanda wowauza kuti alakwitsa. Mugwara anaupatsa mnyamata wina wa makutu wamba. Chigayo chikugundabe, fumbi likukhalabe pa madenga. Pamzera wa ufa amuna amatsokomola monga kale, koma tsopano munthu ungatsokomole mpaka kugwira bondo, palibe amaima pambali pako n'kupendeketsa mutu. Anthu amati pamenepo apumula.

Mbale ija palibe anafuna kuigwira, ndiye a Rozina anaipereka kwa Bauleni. Ili ku Masembura, kunsi kwa bedi, m'nsalu yake yomwe ija. Galamafoni alibe, ndipo akuti ngakhale akanakhala nayo sakanaiika, chifukwa nyimboyo njoipa ndithu. Fainess anakwatiwa chaka chatha. Bambo ake anavina mbale imodzi n'kukhala pansi.

Chimene amakonda kufotokoza, akamwa pang'ono, ndi mawu amene anamva Lamulungu lomaliza lija. Singano itafika pakati, iye akupinda nsalu, anafunsa funso limene komboni yonse inalephera kufunsa zaka zonsezo.

"Madala, anthutu akunenabe kunjaku. Akuti mbale yanuyi imapha."

A Pensulo anatsegula diso limodzi.

"Ikanakhala yopha, Staford bwenzi akupumabe? Ndikanamuikira mbali zonse ziwiri."